Laimu pa Khoma la a Mussa

Nkhani iyi ndi ya manyazi, ndipo manyaziwo ndi anga ndekha. Ndakhala ndikuimva ikukambidwa m'maminibasi, aliyense akuthirako nsinjiro zake, mpaka ndatopa nazo. Ndiye ndati ndiinene ndekha momwe inayendera. Sindionjezera kanthu, chifukwa ngakhale yopanda nsinjiro ndi yokwanira kundiweramitsa mutu.

Ndinaphunzitsa ku sekondale zaka zambiri, kenako ndinapuma ntchito n'kukhazikika ku Mitundu. Chuma ndilibe. Chomwe ndinali nacho ndi mbiri yakuti sindikokomeza zinthu. Anthu akatsutsana pamsika, kaya za mvula kaya za mpira, wina ankati, "Kafunseni aphunzitsi a Mbewe, iwo saonjezera." Mbiri yotereyi imamangidwa pang'onopang'ono, ndipo ndinkaisamala monga anzanga amasamalira ng'ombe zawo.

Chaka chatha ku Nathenje kunabuka munthu wojambula pa makoma. Anthu ankangodzuka n'kupeza chojambula pa khoma la chigayo, pa mlatho, kuseri kwa butchala. Dzina sankalemba, ndipo panalibe yemwe anamuonapo. Manyuzipepala anayamba kumutamanda ndi mawu akuluakulu, aja ndimati ndikawaona ndimapinda nyuzipepala n'kukapunga mphepo panja. Zithunzi zomwe ankasindikiza zinkatuluka zakuda bii, inki yokhayokha, moti sunkadziwa ngati ukuona chojambula kapena mthunzi wa mtengo.

Ku Nathenje si kutali, koma sindinapiteko. Ndinkati chinthu chotamandidwa chonchi ndikakachiona ndidzangokhumudwa. Ndinawerengako ndithu zolembedwa za munthuyu, koma ntchito yake sindinaioneko ndi maso.

Lachitatu lina foni inalira.

"Sir, ndine Thoko! Munandiphunzitsa Fomu 4. Uja munkamudula ma adjective ndi bolopeni yofiira."

"Ndinkadula aliyense, mwananga. Thoko uti?"

Anandikumbutsa mpaka ndinamuzindikira. Tsopano amalemba za luso m'nyuzipepala kutauni. Anati amva kuti wojambula uja wafika ku Mitundu, wajambula pa khoma la golosale ya a Mussa pafupi ndi siteji ya maminibasi.

"Tikubwera Loweruka ndi a Dokotala. Osati a kuchipatala, sir, awa ndi a zojambula, amaphunzitsa ku yunivesite. Ndawauza kuti ku Mitundu kuli munthu mmodzi amene mawu ake tingawakhulupirire. Mudzatiperekeze."

Ndivomere, mawu amenewo anandikoma.

Mawa lake ndinapita kwa a Mussa. Ndi bambo wofatsa, wa ndevu zoyera, ndipo ndagula shuga kwa iwo kuyambira pomwe ndinasamukira kuno.

"Ndabwera kudzaona chithunzi chotchukacho," ndinatero.

"Chili panjapo, aphunzitsi, pa khoma la kumbali," anayankha uku akuyeza mchere.

Ndinazungulira. Pa khomapo panali zinthu ziwiri. Kumanzere kunali mayi womwetulira, wa mano oyera, atanyamula botolo la mafuta ophikira. Pambali pake buledi ndi chambo chonyezimira, mamba ake owerengeka limodzilimodzi. Penti yowala bwino, mizere yoongoka. Ndinagwedeza mutu. Si zomwe ankakokomeza m'nyuzipepala zija, koma munthuyu dzanja ali nalo.

Kumanja kunali zina. Wina anali atatenga makala ndi dothi la katondo n'kukhwatchakhwatcha anthu ataliatali, oonda ngati mapesi, opanda nkhope, atasenza zinthu zonga mabelo, akuyenda pamzere mpaka kukathera pa kona. Ndinapsa mtima. Munthu wajambula chithunzi chake chabwinobwino, alendo akuchoka kutauni kudzachiona, wina wopanda ntchito n'kudzadetsa pambali pake ndi makala!

Apa ndiyenera kufotokoza matenda a ife aphunzitsi akale. Ife tikamva kuti kukubwera alendo, manja amayamba kuyabwa kufuna laimu. Oyendera sukulu akamabwera tinkapaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira, mitengo mpaka m'chiuno, ngakhale chitsa. Ndingati miyala yomwe ndinapakitsa ndi yambiri kuposa mabuku omwe ndinawerenga, koma kumeneko kungakhale kukokomeza. Tingoti miyalayo inali yambiri.

Lachisanu masana a Mussa anatseka golosale kupita ku mzikiti. Ine ndinafika ndi ndowa ya laimu ndi burashi yanga ya mlaza. Ndinasamala kwambiri kuti ngakhale dontho lisagwere mayi wa mafuta ophikira uja. Koma anthu a makala aja ndinawapaka mmodzimmodzi, kuyambira wamtali mpaka wa pa kona. Ndinagwira ntchitoyo ndi mtima wonse, ndikuimba kanyimbo ka kutchalitchi chapansipansi.

Ndikumaliza, a Mussa anatulukira. Anaima. Anayang'ana khoma, anayang'ana ine, anayang'ananso khoma.

"Aphunzitsi," anatero, "mwapaka."

"Ndapaka, a Mussa. Mawa kukubwera alendo."

Anatsegula pakamwa, kenako anatseka. Anakanda ndevu.

"Chabwino. Inu ndi ophunzira, mukudziwa zomwe mukuchita."

Mawu amenewa ndakhala ndikuwamva moyo wanga wonse, ndipo ndinkawatenga ngati ulemu. Tsopano ndikudziwa kuti ndi mmene anthu a kuno amakusiyira kuti ugwe wekha m'dzenje.

Loweruka cha m'ma teni galimoto inafika. Thoko anatsika ndi kamera pakhosi, nandipatsa moni ndi manja awiri. A Dokotala anali bambo wamfupi wa sikafu m'khosi, ngakhale kuti dzuwa la mwezi umenewo linkaotcha ngati mbaula. Ndinawatsogolera monyadira, n'kukaima pambali pa mayi wa mafuta ophikira ngati ndine amalume ake.

Onse awiri anamudutsa osamuyang'ana n'komwe.

"Chili kuti, sir?" anafunsa Thoko.

"Si ichi?"

Anaseka. "Nthabwala zanu zija simunasiye! Ichi ndi chotsatsa malonda. Tikunena cha makala ndi katondo. Amajambula ndi zimenezo basi, penti sagwira."

Ndinatembenukira kumanja. Kutsogolo kwathu kunali khoma loyera mbee, ntchito ya manja anga. Koma poti ndinapaka kamodzi kokha, laimu ataumitsitsa anthu aja ankaonekerabe pang'ono mkati mwake, otuwa, ngati anthu oyenda m'nkhungu ya m'mawa.

A Dokotala anasendera pafupi. Anavula magalasi, anawavalanso. Anabwerera m'mbuyo masitepe atatu mpaka anatsala pang'ono kugundidwa ndi kabaza.

"Thoko," ananong'ona, "wadzifufuta yekha."

"No!"

"Taona! Wamva kuti tikubwera, ndiye wakwirira ntchito yake. Akutikana ife ounika. Akukana kugulitsidwa. Powerful!"

"Ine sindikuona choncho, Doc," anatero Thoko, kamera ikulira. "Awa ndi alimi a fodya. Akuzimiririka. Akutiuza kuti dziko lasiya kuwaona."

"Zimenezo n'zapamwamba chabe. Taona mmene burashi yayendera. Mkwiyo wokhawokha!"

Munalibe mkwiyo m'burashimo. Ndinkaimba nyimbo ya kutchalitchi.

Anakangana kwa kanthawi ndithu, Chichewa chikulowa Chingerezi chikutuluka. Anthu a pa siteji anayamba kusonkhana. Kenako onse awiri anatembenukira kwa ine.

"Inu, sir, mukuona chiyani?"

Ndinayang'ananso khomalo. "Ndikuona khoma lopakidwa laimu."

A Dokotala anatulutsa kabuku n'kulemba mawu angawo. "Mwamva? Khoma lopakidwa laimu. Palibe chochotsera, palibe choonjezera."

Apa ndinaona kuti zinthu zikupita kutali. Ndikanatha kukhala chete, iwo n'kubwerera kutauni osangalala. Koma munthu amene wakhala zaka zonsezi akuuza ana a eni kuti azinena zoona sangayambe bodza atakalamba. Ndinakonza kukhosi.

"Pepani, alendo athu. Pali cholakwika. Khomali ndapaka ndine."

Ngakhale kondakitala yemwe ankaitanira anthu a ku Lilongwe anasiya kukuwa.

Thoko anatsitsa kamera pang'onopang'ono. Maso ake anatsikira ku nsapato zanga. Ndinali nditazipukuta m'mawa, koma m'mphepete mwa soli munali mutatsalira laimu. Anayang'ana zala zanga. M'zikhadabo munali moyera.

"Sir," anatero, "ndinu?"

"Ndine amene ndapaka laimu. Laimu yekha! Zamakalazo sindikuzidziwa."

"Eya," anatero a Dokotala modekha, ngati akulankhula ndi wodwala. "Simukuzidziwa. Tamva."

"Ndikunena zoona! Ndinkayesa ndi zodetsa khoma. Ndinkayesa chithunzi chake ndi cha mayi wa mafutayu."

A Dokotala anaseka mpaka anagwira bondo. "Cha mafuta ophikira! Thoko, lemba zimenezo. Akutinyoza, ndipo tikuyenera kunyozedwa!"

Ndinaitana a Mussa kuti andipulumutse. Anatuluka akupukuta manja.

"A Mussa, auzeni anthuwa zomwe munaona."

"Ine ndinapeza aphunzitsi ali pa khomapa ndi burashi," anatero. "Ndinawaona ndi maso angawa."

"Nanga zamakala zija anajambula ndani?"

"Aa, zimenezo sindinaone. Ndinangodzuka zilipo." Anaganiza pang'ono, n'kuonjezera pofuna kundithandiza: "Koma aphunzitsiwa amadzuka m'mamawa kwambiri. Ine ndikamatsegula, iwo amakhala abwera kale koyenda."

Zonse zomwe ananena zinali zoona. Sindinaonepo choonadi chikumumiza munthu chonchi.

Sanandisiye. Anati tipitire limodzi ku Nathenje kuti ndikawaonetse zinazo. Ndinakana, koma Thoko anali atatsegula kale chitseko cha kutsogolo, ndipo a Dokotala anakakhala kumbuyo kundisiyira mpando wawo. Tinatulukira pa mseu wa M1 n'kukhotera kumwera. Njira yonse ndinkafotokoza kuti sinditha kujambula ngakhale nkhuku, kuti pophunzitsa ndikajambula mapu pa bolodi ana ankafunsa ngati ndi mbatata. Thoko ankangogwedeza mutu, akulemba.

Ku Nathenje anandiimika kutsogolo kwa khoma la chigayo. Kanali koyamba kuona ntchito ya munthuyu ndili ndi maso otsegula.

Anali anthu omwe aja, ataliatali, opanda nkhope, a makala ndi katondo. Apa anali atakhala pansi m'mbali mwa mseu, katundu ali pambali, akudikira. Palibe chinanso. Koma aliyense anakhala mwa mtundu wake: wina atagwira tsaya, wina atatambasula mwendo umodzi, wina atapendeketsa khosi kuyang'ana komwe galimoto ingachokere. Ndinaima nthawi yaitali. Ndadikirapo chonchi m'mbali mwa mseu kambirimbiri, ndipo sindinaganizepo kuti wina angakuone kudikirako n'kukuika pa khoma.

Mayi wina wogulitsa tomato pafupi pomwepo anaona kuti ndayang'anitsitsa.

"Wachitatuyo ndi mlamu wanga," anatero. "Nkhope palibe, koma kakhalidweko ndi kake. Anamwalira chaka chathachi. Ndikatopa ndimangomuyang'ana."

Ndinkaganiza za anthu a pa khoma la a Mussa, omwe ndinawapaka mmodzimmodzi, ndipo ndinadzifunsa kuti anali alamu ake a yani.

Kumbuyo kwanga ndinamva a Dokotala akunong'oneza Thoko: "Taona mmene akuyang'anira ntchito yake, ngati akuiona koyamba. Ameneyo ndiye katswiri weniweni."

Ndinalibenso mphamvu zotsutsa. Ndinapempha kuti andibweze kunyumba.

Nkhani inatuluka sabata yotsatira. Thoko anasunga lonjezo lomwe anandipatsa tikubwerera, dzina langa sanalembe. Anangoti wojambulayo ndi mphunzitsi wopuma wa ku Mitundu, wamtali, wa magalasi ochindikala, amene amayenda m'mamawa ndi ambulera ngakhale kulibe mvula. Ku Mitundu kuno munthu wotero ndi mmodzi.

Mkazi wanga Nangozo anaiwerenga ali chiimire.

"Bambo, inu? Khitchini iyi ndakhala ndikukupemphani zaka zitatu kuti muipake, mukuti msana. Kani msanawo umachira mukafika pa makoma a eni?"

"Si ine, Nangozo."

"Ndikudziwa kuti si inu. Ndinakuonani mukujambulira mdzukulu wathu ng'ombe, mwana analira. Koma kauzeni anthu kunjaku."

Ndinayesa. Mkulu wa mpingo ananditengera pambali n'kundifunsa ngati n'koyenera kuti munthu wa msinkhu wanga azikhwatcha makoma a anthu mobisa. Mwini saluni anabwera kudzapempha kuti ndimujambulire mitu ya mametedwe, koma ya nkhope. Choipitsitsa chinachitika pamsika. Amuna awiri ankatsutsana za mtunda wa kuchokera kuno kukafika ku Diamphwe, wina n'kuti, "Tiyeni tifunse aphunzitsi." Mnzakeyo anandiyang'ana n'kuti, "Awa? Munthu wotibisira chaka chathunthu? Funsani wina."

Ndinalembera Thoko kalata. Ndinafotokoza zonse mwatsatanetsatane: tsiku, ndowa, burashi, mayi wa mafuta ophikira. Munalibe adjective ngakhale imodzi. Anandiimbira foni tsiku lomwe anailandira.

"Sir, kalatayi ndi yokongola. A Dokotala akuti kukanaku ndi mbali ya ntchito yanu. Akufuna kuiwerengera ophunzira awo."

Ndinazimitsa foni n'kukagona masana, chinthu chomwe sindichita.

Patapita milungu iwiri, m'mawa wina a Mussa anandiimbira.

"Aphunzitsi, tabwerani. Wabweranso uja."

Ndinapeza anthu atadzaza pa siteji, ndipo atandiona anapatuka kundisiyira njira, ena atagwira pakamwa. Pa khoma loyera lija, pamwamba pa laimu wanga, panali munthu mmodzi yekha wa makala ndi katondo. Wamtali, wowerama pang'ono. Dzanja lamanzere atagwira buku pafupi kwambiri ndi maso, akuwerenga. Dzanja lamanja, kumbuyo, osayang'anako n'komwe, likupaka khoma ndi burashi. Ndowa ili pa phazi.

Ndipo uyu, mosiyana ndi anthu ake ena onse, anamupatsa nkhope. Magalasi ochindikala, makutu oimirira, ndi mphuno.

Wina anayamba kuseka, kenako siteji yonse inaphulika.

"Ndi iwowo! Ndi aphunzitsi!"

"Ndiye kuti sanajambule ndi iwo zija? Anangofufuta?"

"Ndinkafuna kukuuzani tsiku lija," anatero a Mussa pambali panga, "koma ndinati anthu ophunzira amaona zomwe ife sitiona." Kenako anaonjezera: "Laimu ndasiya kugulitsa, aphunzitsi. Ndangoti ndikudziwitseni."

Choncho ku Mitundu dzina langa linayera, ngati kumeneko n'kuyera. Palibenso amene amanditcha wobisa zinthu. Tsopano ndine mkulu uja anafufuta chithunzi n'kusiya chotsatsa mafuta.

Ndisanachoke pamalopo foni inalira. Wina anali atatumiza kale chithunzicho kutauni.

"Sir! Self-portrait!" Thoko ankachita kukuwa. "Mwadzijambula nokha! A Dokotala akuti sanaonepo munthu wodziweruza mopanda chifundo chonchi. Chokhacho, akuti mphunoyo mwaikokomeza kwambiri. Akuti palibe munthu wa mphuno yotero."

Ndinayang'ana mphuno ya pa khomayo nthawi yaitali. Kukokomeza ndimakudziwa, ndakhala ndikukudula ndi bolopeni yofiira moyo wanga wonse. Ndinafika kunyumba, ndinatenga kagalasi ka Nangozo, ndinayang'ana cha kutsogolo, ndinayang'ana cha m'mbali.

Sanakokomeze.

Alendo akamabwera, anzanga, muzingosesa pabwalo basi.